Sitima zazing'ono ndi anthu obira m'nyanja za madzi oundana

Mwezi wa Juni kuno ku Senga Bay, mwera ukawomba usiku wonse, asodzi a usipa amafika padooko m'mamawa milomo ili gwa, zala zikukanika kumasula ngakhale chingwe cha bwato. Choyamba amafuna moto. Za mtengo wa usipa zimabwera pambuyo. Tonse timati nyanja yazizira, koma mutaviika choyezera m'madzi omwewo mupeza madigiri 23 kapena 24. Nyanja yathu, ngakhale pansi penipeni pamene pamafika mamita pafupifupi 700, sizizira kutsika pa madigiri 22.

Mphwanga amaperekeza alendo pa boti kukaona mbuna ku chilumba cha Namalenje, ndipo chaka chatha anaphunzira kubira ndi botolo la mpweya kumsana. Tsiku lina anandionetsa chithunzi pafoni chimene mlendo wake wakale anamutumizira: munthu ali pansi pa madzi, wavala zakuda kuyambira kumutu mpaka kuphazi, pambali pake khoma loyera la madzi oundana lalitali ngati tchalitchi. "Achimwene, zimenezi n'zoona kapena n'zopanga pakompyuta?" Ndinamuuza kuti n'zoona, ndipo madzi amene munthuyo alimo ndi ozizira kuposa amene timasunga mufiriji. Madzi akumwa amaundana pa digiri 0, koma amchere amapirira mpaka pafupifupi madigiri 1.9 kunsi kwa 0. Munthu wa pachithunzicho akusambira m'madzi amene akanakhala a m'nyanja yathu bwenzi ali mwala.

Malo otere alipo awiri. Kumwera kwenikweni kwa dziko lapansi kuli Antarctica, mtunda waukulu woti Malawi angalowemo kopitirira ka 100, wokutidwa ndi madzi oundana okhuthala pafupifupi makilomita awiri. Kulibe mudzi, kulibe mfumu, kulibe boma. Kumpoto kwenikweni kuli Arctic, yomwe ndi nyanja yozunguliridwa ndi mayiko okhala anthu, ndipo alendo ambiri amapita ku zilumba za Svalbard za dziko la Norway ndi ku Greenland. Ku Antarctica sitima zimapita kuyambira Novembala mpaka Malichi, nthawi imene ife timabzala, kupalira mpaka kuyamba kuotcha chimanga chachiwisi. Mwera ukayamba kuno, kumeneko kumachita mdima ndipo nyanja imatsekeka, choncho sitima zomwezo zimasamukira kumpoto.

Ambiri amanyamukira pa Ushuaia, tauni ya kunsonga kwa Argentina. Kuchoka pamenepo pali ulendo wa masiku awiri, makilomita pafupifupi 1,000, kudutsa pa Drake Passage. Nyanja ya Malawi yonse kutalika kwake sikufika makilomita 600, ndipo ili ndi mapiri uku ndi uku. Pa Drake mphepo imazungulira dziko lonse lapansi popanda phiri loitchinga, ndiye mafunde ake akadzuka mbale zimauluka patebulo ndipo anthu amagona atakumbatira ndowa.

Funso loyamba limene munthu angafunse ndi lakuti, ngati nyanja yake ili yolusa chotero, bwanji osapita ndi chisitima chachikulu chija chonyamula anthu 3,000? Amene anakwerapo Ilala pa Nkhotakota yankho ali nalo kale. Sitima imaponya nangula patali, anthu n'kumatsikira m'maboti aang'ono, kenako m'madzi ofika m'chiuno katundu ali pamutu. Anthu akachuluka, kutsika kokha kumadya maola. Ku Antarctica kulibe doko lomangira alendo, choncho aliyense wofuna kuponda mtunda amatsikira m'maboti a mphira opopedwa otchedwa Zodiac, anthu khumi kapena khumi ndi awiri pa boti limodzi. Pamwamba pa apo pali malamulo. Malo amodzi sipafika sitima ziwiri nthawi imodzi. Pamtunda sipakhala alendo opitirira 100 nthawi imodzi, ndipo pa alendo 20 aliwonse pamafunika woperekeza mmodzi. Sitima yonyamula anthu opitirira 500 siloledwa kutsitsa mlendo ngakhale mmodzi: amangoona padenga la sitima n'kubwerera. Ndiye werengani nokha. Ya anthu 100 imatsitsa onse pamodzi, m'mawa ndi masana. Ya anthu 200 imawagawa pawiri. Ya anthu 450 tsiku limatha anthu akudikira mpata wawo. Ung'ono wa sitimazi si umphawi ayi, ndipo kawirikawiri yaing'onoyo ndiyo yokwera mtengo.

Maulendo otere anayamba ndi Lars-Eric Lindblad, amene anatenga gulu la alendo kupita ku Antarctica mu 1966, ndipo mu 1969 anakhozetsa sitima yake ya ntchito imeneyi, Lindblad Explorer. Inali ya mamita 73, pamene Ilala ndi ya mamita 52. Sitima yomweyo, itasintha eni kangapo n'kumangotchedwa Explorer, inagunda madzi oundana usiku mu Novembala 2007 pafupi ndi zilumba za South Shetland, inabooka n'kumira. Anthu onse 154 anapulumuka atakhala maola angapo m'maboti opulumukira, mpaka sitima ya ku Norway, Nordnorge, inadzawatola. Nyanja inali bata tsiku limenelo. Ife amene tinakula tikumva za Viphya, imene inamira mu 1946 ndi anthu 145, tikudziwa zimene zikanachitika mphepo ikanadzuka. Pambuyo pake malamulo analimba. Kuyambira 2011 sitima siziloledwa kunyamula kapena kugwiritsa ntchito mafuta akuda olemera aja m'nyanja za Antarctica, ndipo mu Januwale 2017 linayamba kugwira ntchito lamulo la Polar Code, lonena za kulimba kwa sitima, zida zopulumutsira anthu m'malo ozizira, ndi maphunziro a oyendetsa. Ngozi sizinathe: mu Novembala 2022 alendo awiri anamwalira Zodiac itagubuduzika pafupi ndi Elephant Island.

Chimene chimasiyanitsa ulendo wotere ndi wongosangalala n'chakuti ndandanda yake simangika. Kaputeni ndi mtsogoleri wa ulendo amadzuka n'kuyang'ana mphepo ndi madzi oundana. Njira imene inali yotsegula dzulo lero yatsekeka, malo amene munalipirira kuti mukaone mbalame zosauluka zotchedwa mapengwini sakufikika, sitima imakhotera kwina. Msodzi wa chilimira zimenezi sangazidabwe.

Tsopano za kubira kwenikweniko, kumene mphwanga anali nako chidwi. Si sitima zonse zimene zimanyamula obira, ndipo pa zimene zimanyamulazo obira amakhala kagulu kochepa pakati pa alendo. Mdani wamkulu ndi kuzizira, ndipo chilichonse chimene amavala, kunyamula kapena kupewa chimachokera pamenepo. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya. N'chifukwa chake ngakhale kuno, munthu akabira mphindi 45 m'madzi a madigiri 24 amavuuka akunjenjemera. M'madzi a kunsi kwa 0, wogweramo ndi malaya wamba amayamba ndi kubefuka mosadziletsa, ndipo mutu ukakhala m'madzi nthawi imeneyo amakoka madzi m'mapapo. Pakapita mphindi zowerengeka manja amafa, sangathenso kugwira chingwe chimene amuponyera.

Chovala chimene amagwiritsa ntchito kuno, wetsuit, chimalola timadzi kulowa, thupi n'kutitenthetsa. Uko sichithandiza. Amavala drysuit, chovala chosalowa madzi konse, chokhala ndi mphira wothina pakhosi ndi pamikono, ndipo mkati amavala zovala zokhuthala ngati bulangete. Chimene chimafunditsa munthu si chovalacho ayi, koma mpweya wotsekeredwa mkatimo. Apa ndi pamene pali luso lonse. Ukamatsika, madzi amaufinya mpweya uja, chovala chimakukanikiza ngati akukumanga ndi zingwe, ndiye umadina batani la pachifuwa kuti uwonjezere mpweya kuchokera m'botolo. Ukamakwera, mpweya womwewo umafufuma, ndipo ukachedwa kuutulutsa pa valavu ya paphewa umakunyamula ngati chigubu chopanda kanthu. Choopsa kwambiri ndi pamene miyendo yakwera kuposa mutu: mpweya wonse umathamangira kumapazi, kumene kulibe potulukira, munthu n'kuyamba kukwera chadodolido. Ophunzira amabwereza kambirimbiri kudzipinda n'kutembenuka mpaka thupi lizizichita lokha. N'chifukwa chake makampani salandira woyamba kumene. Amafuna buku losonyeza kuti munthu wabirapo kambiri ndi drysuit m'madzi ozizira, ena amati kosachepera ka 30, ndipo kubira koyamba pa ulendowo kumakhala koyesa aliyense pamalo osaya. Amene waoneka kuti akuvutika amakhala m'boti, ngakhale analipira ndalama zingati.

Kachiwiri ndi chopumira chija cha pakamwa, regulator. Mpweya wa m'botolo ndi wopanikizidwa kwambiri, ndipo mpweya wopanikizidwa ukamatuluka umazizira. Gwirani valavu ya tayala la njinga pamene mukuliphwetsa mumva. M'nyanja yathu madzi ofunda amabwezeretsa kutentha kumeneko ndipo palibe chimachitika. M'madzi amene atsala pang'ono kuundana, kadontho kakang'ono ka mkati mwa chipangizocho kamasanduka mwala n'kutsekereza valavu ili yotsegula. Mpweya umayamba kutuluka wokha mwaphokoso, thovu lili ponseponse, ndipo botolo lodzaza limatha m'mphindi zochepa. Choncho wobira aliyense amakhala ndi zopumira ziwiri, chilichonse pa valavu yakeyake, kuti china chikaundana atseke n'kupumira chinacho. Palinso mwambo umene kuno tingauone wachilendo. Mphwanga anaphunzitsidwa kuyesa kupuma kawiri katatu asanalowe m'madzi. Uko amaletsa, chifukwa chinyezi cha m'kamwa chimaundana m'chipangizocho pa mphepo ya kunja. Umayamba kupuma nkhope italowa kale m'madzi.

Manja ndiwo amayamba kugonja. Magolovesi okhuthala amafunditsa koma amalanda luso la zala, ndipo kumasula lamba kapena kutseka valavu kuseri kwa mutu kumasanduka ntchito. Pankhope pamatsala milomo ndi masaya okha. Zimaluma poyamba, kenako zimachita dzanzi moti munthu samvanso ngati chopumira chili m'kamwa. Ambiri amavuuka pakatha mphindi 30 kapena 40, mpweya usanathe.

Sapitanso pansi kwambiri. Malire a pa sitima za alendo ndi mamita 20. Chifukwa chake ndi mpweya wa nayitirojeni umene umasungunukira m'magazi munthu akakhala pansi. Ukakwera mofulumira umachita thovu m'thupi ngati Fanta amene wakhutchumulidwa n'kutsegulidwa, ndipo thovulo likakhala mumsana kapena mu ubongo munthu amafa ziwalo. Kuzizira kumachedwetsa magazi kutulutsa mpweya umenewu. Mankhwala ake ndi kumulowetsa m'chipinda chachitsulo chopanikiza mpweya, koma sitimazi sizinyamula chipinda chotere, ndipo chipatala chili kutsidya kwa Drake. Dokotala wa m'sitima ali ndi okosijeni ndi drip basi. Ndiye pamene chithandizo chili kutali, amachepetsa chilichonse chimene chingafune chithandizocho: osapita pansi, osakhalitsa, osalowa pansi pa denga la madzi oundana pamene sungavuuke molunjika. Kubira koboola dzenje n'kulowa pansi pa denga lotere kumachitika, makamaka ndi asayansi a pamalo ofufuzira a ku Antarctica ngati McMurdo, koma amakhala ndi owadikira pamwamba ndi zida zimene sitima ya alendo ilibe.

Khoma loyera la pachithunzi chija ndi phiri la madzi oundana loyandama. Limene limaoneka pamwamba ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, kwinako kuli pansi. Limasungunuka kunsi, ndipo tsiku lina limagudubuzika mosachenjeza, choncho atsogoleri amasankha laling'ono kapena limene lakhala pansi pa nyanja. Lili ndi msampha wina umene munthu wa kunyanja kuno angaumvetse msanga. Phirilo ndi madzi opanda mchere, ndipo likamasungunuka limazunguliridwa ndi madzi opepuka ngati a m'nyanja yathu. Madzi amchere amanyamula munthu kuposa opanda mchere. Wobira amene anali chiyandamire bwinobwino akangoyandikira khomalo amayamba kutsika osadziwa.

Nanga amavutikiranji chonsechi? Pansi pake si chipululu. Mamita oyambirira amakhala opalidwa ndi madzi oundana okhukhuluza miyala, koma ukatsikako pang'ono pali nkhalango ya zomera za m'madzi, nkhono zomatirira pamiyala, tinyama tofiira tooneka ngati nyenyezi, akangaude a m'nyanja otambalala ngati chikhatho, ndi mitambo ya krill, tinyama ta masentimita 6 timene mapengwini ndi anamgumi amadya. Pa Foyn Harbour pali Governoren, sitima ya opha anamgumi imene inapsa mu 1915, mphuno yake ikuonekabe pamwamba pa madzi. Koma zimene zimandigwira mtima ine ndi nsomba. Kumeneko kuli banja la nsomba lotchedwa notothenioids, limene magazi ake ali ndi mankhwala achilengedwe oletsa kuundana. Anawatulukira ndi Arthur DeVries chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Zina mwa izo, icefish, magazi ake si ofiira konse, ndi oyera ngati madzi a mpunga, chifukwa madzi ozizira amasunga okosijeni wambiri moti nsombazo zimakhala ndi moyo popanda chofiiritsa magazi chija. Banja limeneli linachokera ku kholo limodzi, linatsekeredwa ndi kuzizira, n'kugawikana kukhala mitundu yopitirira 100. Asayansi akamafotokoza zimenezi amaziyerekeza ndi mbuna, utaka ndi chambo zathu, zimene zinatsekeredwa m'nyanja imodzi n'kugawikana kukhala mitundu mazanamazana. Mlendo wolipira madola ochuluka kupita ku Antarctica ndi mlendo wokwera boti la mphwanga kupita ku zilumba za Maleri akukaona nkhani imodzi.

Ng'ona ya kumeneko ndi leopard seal, chinyama cha mamita atatu chokhala ndi mutu ngati wa njoka ndi mano a galu. Kawirikawiri chimangozungulira obira mwachidwi. Koma mu Julayi 2003 chinakokera pansi wasayansi wa ku Britain, Kirsty Brown, pafupi ndi malo ofufuzira a Rothera, ndipo anamwalira. Chikayamba kuyasamula kukamwa kapena kuyandikira kwambiri, onse amakwera m'boti. Ku Svalbard choopsa chili pamtunda, chimbalangondo choyera, ndipo operekeza amayenda ndi mfuti.

Pali mbali ina imene sindingailumphe. Kuno ku Salima tili ndi Mbenji. Chaka chilichonse chilumbacho chimatsekedwa nthawi ya mvula, pamene nsomba zikuswana, n'kudzatsegulidwa mu Epulo, ndipo ali pachilumbapo amatsata malamulo a mfumu Makanjira: mowa ayi, chamba ayi, juga ayi. Mwambowu wakhalapo kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo utaka wa ku Mbenji umadziwika ndi kukula kwake. Umagwira ntchito chifukwa pali wina amene anganene kuti basi, n'kumveka. Antarctica ili ndi pangano la mu 1959, limene mayiko 12 anasainira ku Washington, ndi lina loteteza chilengedwe la ku Madrid la mu 1991, limene linaletsa migodi. Mayiko 29 ndiwo ali ndi mawu posankha zochita, mu Africa muno South Africa yokha, ndipo chilichonse chimafuna kuti onse agwirizane. Za tsiku ndi tsiku za alendo zimayendetsedwa kwambiri ndi IAATO, bungwe limene makampani asanu ndi awiri anadziyambitsira okha mu 1991, ndipo kulowamo n'kodzifunira.

Ndiyenera kunena chilungamo: malamulo awo ndi okhwima ndipo amatsatidwa. Mlendo aliyense amatsuka nsapato m'mankhwala potsika ndi pokwera. Matumba a jekete amapopedwa ndi makina kuti kambewu ka udzu kasatsalemo. Ife amene taona namasupuni atatseka Shire tikudziwa zimene chomera chachilendo chimachita. Pengwini sumuyandikira kupitirira mamita asanu, ndipo chifukwa cha chimfine cha mbalame, chimene chinafika ku chilumba cha South Georgia mu Okutobala 2023 n'kupezeka ku Antarctica mu Febuluwale 2024, alendo analetsedwa ngakhale kukhala pansi, kugwada kapena kuika chikwama padothi. Chimene palibe ndi malire a chiwerengero chonse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 alendo sankafika 10,000 pa chaka. Nyengo ya 2022 mpaka 2023 anapitirira 100,000, ambiri akutsikira pa magombe omwewo ochepa opanda chipale pamene mapengwini amaswera. Sitima iliyonse payokha ndi yaing'ono ndi yaulemu, koma zikuchuluka chaka ndi chaka, ndipo mwaye wa injini ukagwera pa chipale choyera umachidetsa n'kuchisungunula msanga. Ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Ine ndikuona kuti lamulo la anthu 100 pagombe silokwanira ngati gombelo likulandira gulu m'mawa, gulu masana, miyezi isanu yathunthu, ndipo palibe Makanjira woti alitseke.

Mphwanga anafunsanso za mtengo. Ulendo wa masiku khumi kapena khumi ndi awiri umayambira pa madola masauzande angapo ndipo wambiri umapitirira 10,000, osawerengera ndege yokafika ku Ushuaia, inshuwalansi yokutulutsa kumeneko ukadwala, ndi ndalama yapadera ya obira. Anaseka n'kubweza foni m'thumba. Koma si onse ali m'sitimamo amene analipira. Ophika, oyeretsa zipinda ndi a kuinjini ambiri ndi ochokera ku Philippines ndi mayiko ena osalemera, olowa ndi satifiketi ya chitetezo cha panyanja yotchedwa STCW. Ndipo kaputeni amene anayendetsa sitima ya S.A. Agulhas II kuchokera ku Cape Town mpaka kukapeza Endurance, sitima yomira kalekale ya wofufuza malo Ernest Shackleton, pa mamita 3,008 pansi pa nyanja ya Weddell ku Antarctica mu Malichi 2022, anali Knowledge Bengu, munthu wakuda wa ku South Africa.

Kuyendetsa boti pa mafunde, kuwerenga mphepo, kutsitsa mlendo wamantha pagombe la miyala osamunyowetsa kamera, zonsezi mphwanga amazichita tsiku lililonse. Chimene nyanja yathu singamupatse ndi kuzizira. Drysuit ukaivala pa Senga Bay ukomoka ndi thukuta usanafike m'madzi. Madzi ozizira apafupi ndi ife ali ku Cape Town, mbali ya Atlantic, kumene amatsika mpaka madigiri 10 kapena 12 pakati pa zomera zazitali za m'madzi. Atamva zimenezo anandifunsa kuti basi ya ku Johannesburg ikunyamuka pa ndalama zingati masiku ano, kenako anadzuka kukathira mafuta mu injini, chifukwa alendo a ku Namalenje anali atafika kale padooko.